Mmene Mungapewere Kupserera kwa Thonje mu Thanki ya Ndudu ya Magetsi

Munthu amakhala akukoka bwinobwino, nthunzi ikutuluka yofewa ndiponso ndi fungo limene iye analisankha, kenako mosayembekezereka mkamwa mumalowa mpweya wouma ndi wotentha, wonunkha ngati nsalu imene yagwera pamoto, umene umakanda pakhosi mpaka munthuyo kutsokomola misozi ili mbwembwembwe. Amene zangowachitikira koyamba amafulumira kuganiza kuti chipangizo chawo chafa kapena kuti anawagulitsa zinthu zachinyengo, ndipo ena amataya thanki yabwinobwino n'kukagula ina, imenenso imadzawachita zomwezo pasanathe sabata. Nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo. Chimene chapsa ndi kathonje kamene kali mkati mwa koyilo, kachitsulo kotenthetsa kamene kali mu thanki, ndipo kapsa chifukwa chakuti waya wa koyiloyo anatentha pa nthawi imene kathonjeko kanali kouma.

Malangizowa ndi a munthu wamkulu amene akugwiritsa kale ntchito chipangizochi, makamaka amene akufuna kusiya fodya wosuta. Nikotini ndi mankhwala amene thupi limawazolowera n'kumawafuna, choncho amene sasuta alibe chifukwa choyambira, ndipo mabotolo ake ayenera kukhala patali ndi ana.

Chimene chimachitika mkati mwa thanki

Thanki imasunga madzi otchedwa e-liquid, amene ambiri amangowatchula kuti juwisi, ndipo nafenso tiziwatchula choncho. Pakati pa thanki pamakhala koyilo, kachitsulo kobulungira kamene mkati mwake muli waya wopota kapena kasefa ka waya kotchedwa mesh, ndipo wayayo amakhala atakutidwa ndi thonje. M'mbali mwa kachitsuloko muli timabowo, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona thonje loyera likusuzumira pa timabowoto. Pamenepo ndi pamene juwisi amalowera. Thonje limamuyamwa pang'onopang'ono n'kumufikitsa pa waya, ndipo mukadina batani wayayo amatentha n'kusandutsa juwisiyo nthunzi.

Ganizirani chingwe cha nyali ya palafini. Malinga ngati mafuta alimo, chingwecho chimakhala miyezi osatha, chifukwa chimene chikuyaka ndi mafuta. Koma mafuta akangouma, moto umayamba kudya chingwe chenichenicho ndipo chimatha m'kanthawi kochepa. Thonje la mu koyilo limachitanso chimodzimodzi. Likakhala lonyowa, kutentha kwa waya kumathera pa kuwiritsa juwisi, ndipo nthunzi imene ikuchoka imatenga kutenthako n'kupita nako. Likauma, palibe chochotsa kutenthako, waya amatentha kwambiri m'sekondi imodzi kapena awiri, ndipo thonje limene lagundana naye limawauka. Nkhani yonse ya kupserera yagona pa mpikisano umenewu, wa liwiro limene waya akumwera juwisi ndi liwiro limene thonje likumubweretsera. Chilichonse chimene chikufulumizitsa waya kapena kuchedwetsa thonje chikukuyandikizitsani ku kupserera.

Sikuti nkhaniyi ndi ya fungo lokha. Juwisi amapangidwa makamaka ndi zinthu ziwiri, propylene glycol ndi vegetable glycerin, zimene pa botolo zimalembedwa mwachidule kuti PG ndi VG. Zinthuzi zikatenthedwa mopitirira muyezo zimasweka n'kutulutsa mankhwala oipa monga formaldehyde ndi acrolein, ndipo acrolein ndi mmodzi mwa mankhwala amene amachititsa kukanda koopsa kwa pakhosi kuja. Mu 2015, ofufuza a pa Portland State University analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti pa mphamvu ya magetsi ya mavoti (volts) 3.3 sanapeze mankhwala otulutsa formaldehyde mu nthunzi, pamene pa mavoti 5.0 anawapeza ochuluka. Ofufuza ena anayankha kuti pa kutentha kotereku nthunzi imawawa moti palibe munthu amene angapitirize kuikoka. Kwa ife amene tikufuna kusamalira thanki, mbali zonse ziwirizi zikutiuza chinthu chimodzi: fungo la kupserera ndi chenjezo, ndipo si la kulipirira n'kumapitiriza kukoka poopa kutaya koyilo.

Chenjezoli limabwera m'magawo awiri, ndipo kudziwa gawo loyamba kumapulumutsa makoyilo ambiri. Thonje lisanapse limayamba lauma kaye: fungo la juwisi limazilala, nthunzi imachepa n'kumamveka yotentha ndi youma, ndipo nthawi zina kaphokoso kothetheka kamene koyilo imachita kamasintha. Mukaleka pomwepo n'kuika chipangizo pansi kwa mphindi zingapo, thonje limanyowanso ndipo zonse zimabwerera mwakale. Mukakakamira n'kukokanso kawiri kapena katatu, thonje limapsa, ndipo thonje lopsa silichira.

Kunyowetsa koyilo yatsopano

Makoyilo ambiri amafa tsiku limene atulutsidwa m'paketi. Thonje la koyilo yatsopano limakhala louma gwa ndiponso lothinana, ndipo munthu akangoimanga, kuthira juwisi n'kudina batani nthawi yomweyo, waya amakumana ndi thonje limene juwisi sanalifike n'komwe. Kukoka kamodzi kokha kotereku n'kokwanira kuwononga koyilo imene ikanatumikira sabata imodzi kapena awiri.

Musanaike koyilo mu thanki, igwireni m'manja, mutenge botolo la juwisi n'kudonthetsera dontho limodzi pa bowo lililonse la m'mbali pamene thonje likuonekera. Dikirani kuti dontholo lilowe, mudzaona thonje likusintha kuchoka pa kuyera kwa mbuu n'kukhala lonyezimira. Kenako donthetserani madontho ena pamwamba, mkati mwa koyilo, mowatsetsereza m'mbali mmene muli thonje osati kungowagwetsera pakati penipeni, chifukwa pakatipo ndi njira ya mpweya ndipo juwisi wogwera pamenepo amakatulukira pansi. Koyilo yaing'ono imakhuta ndi madontho 3 kapena 4, pamene yaikulu ya mesh ingafune 6 kapena kuposerapo. Chizindikiro chakuti mwakwanitsa n'chakuti dontho lotsatira limachedwa kulowa. Mukapitirira pamenepo koyilo imasefukira, ndipo imayamba kulira ngati munthu akuchukucha mkamwa n'kumakulavulirani juwisi wotentha pa lilime, vuto limene ndi laling'ono poyerekeza ndi kupsa koma ndi lonyansa ndithu.

Mukatero mangani koyiloyo bwinobwino, mudzaze thanki, mutseke chivindikiro, n'kuiimika chilili kwa mphindi 5 mpaka 10. Ngati juwisi wanu ndi wolimba kapena kunja kukuzizira, mphindi 15 sizingakupwetekeni. Apa m'pamene ambiri amalephera, chifukwa munthu amene wangogula chinthu chatsopano safuna kudikira, komatu kudikira kumeneku kumathandiza kuposa madontho aja. Pa zipangizo zing'onozing'ono zimene koyilo yake inamatidwira mkati moti simungaifikire, kudikira ndiyo njira yokhayo imene muli nayo.

Ena amawonjezera kukoka kangapo asanadine batani, atatsekako pang'ono polowera mpweya, kuti mphamvu ya kukokayo ithandize kulowetsa juwisi mu thonje. Zimenezi zimathandiza, koma zikhale zofatsa, kukoka kwakufupi katatu kapena kanayi basi. Pa zipangizo zopanda batani, zimene zimayaka zokha munthu akangokoka, musachite zimenezi thanki ili pa batire, chifukwa mudzakhala mukuwotcha thonje lomwe mukufuna kuliteteza.

Mawati

Pa koyilo iliyonse, kapena pa paketi yake, pamalembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi ya ma ohm, imene imasonyeza mmene wayayo amakanizira magetsi, ndipo yachiwiri ndi malire a mawati, muyezo wa mphamvu ya magetsi yotenthetsa waya, amene opanga anaona kuti koyiloyo ingapirire. Koyilo ya 1.2 ohm kawirikawiri imagwira ntchito pa mawati ochepera 15, pamene ya 0.15 kapena 0.2 ohm ingafune mawati 50, 60 kapena kuposa pamenepo. Timalemba timeneti timakhala tating'ono kwambiri ndipo koyilo ikalowa mu thanki sitioneka bwino, choncho ndi bwino kutiwerenga musanaimange.

Pa koyilo yatsopano musayambire pakati pa malirewo, ndipo musayerekeze n'komwe kuyambira pamwamba. Ngati palembedwa kuti mawati 50 mpaka 60, yambirani cha pa 40, mukoke mwachidule kangapo, kenako muzikweza ndi mawati 2 kapena 3 pakapita kukoka kungapo kufikira mutalowa m'malire aja. Nthunzi yoyambayo imakhala yochepa ndi yosakoma kwenikweni, koma cholinga chake n'chakuti thonje lifewe ndi kutsegula njira zimene juwisi azidutsamo. Mukafika pamene fungo likumveka bwino ndipo nthunzi ndi yofunda mokukomerani, imani pomwepo. Ine ndimaona kuti nambala ya pamwamba imene opanga amalemba imakhala ya munthu amene ali ndi juwisi woyenerera, mpweya wotsegula wonse, ndiponso amene amapumira pakati pa kukoka kulikonse. Munthu wamba sakwaniritsa zonsezi nthawi imodzi, n'chifukwa chake kukhala chakumunsi kapena pakati pa malirewo kumatalikitsa moyo wa koyilo popanda kutaya fungo lambiri.

Pali ngozi ziwiri zokhudza mawati zimene zimagwera ngakhale anthu ozolowera. Yoyamba ndi kusintha thanki kapena mtundu wa koyilo n'kuiwala kusintha mphamvu. Munthu amene amagwiritsa ntchito koyilo ya 0.2 ohm pa mawati 55 akamanga thanki ya koyilo ya 1.0 ohm n'kudina batani osayang'ana pa sikirini, thonje limapsa asanamalize n'komwe kukoka koyamba. Zipangizo zina zimazindikira koyilo yatsopano n'kutsitsa mphamvu zokha, koma si zonse, ndipo kuyang'ana pa sikirini sikutenga nthawi. Yachiwiri ndi ya m'thumba: mabatani okwezera mphamvu amadinika okha, mawati n'kukwera munthu osadziwa, kapena batani loyatsira limapanikizika n'kumawotcha koyilo popanda mpweya woiziziritsa. Zipangizo zambiri zimazima mukadina batani loyatsira kasanu mofulumira, ndipo zambiri zili ndi njira yokhomera mabatani a mphamvu. Zolowerani kuzimitsa chipangizo musanachiike m'thumba kapena m'chikwama, chifukwa kupatula kuteteza thonje, mukutetezanso batire kuti lisatenthe.

Amene zipangizo zawo zilibe posinthira mawati asaganize kuti nkhaniyi sikuwakhudza. Pa zina mwa zipangizo zoterezi mphamvu imadalira mmene batire lilili. Batire la lithium likangochoka kumene pa chaja limakhala ndi mavoti 4.2, ndipo limatsika kufika cha pa 3.7 pamene likugwira ntchito. Mawati amapezeka pochulukitsa mavoti ndi mavoti omwewo n'kugawa ndi ma ohm, kutanthauza kuti koyilo ya 1.2 ohm imalandira mawati pafupifupi 14.7 batire likakhala lodzaza, koma pafupifupi 11.4 likatsika kufika pa 3.7. Ngati mwaona kuti kupserera kumakonda kubwera mukangomaliza kutchaja, chifukwa chake n'chimenechi, ndipo mankhwala ake ndi kukoka mwachidule pa nthawi imeneyo.

Kakokedwe

Ngakhale koyilo itanyowetsedwa bwino ndipo mawati ali oyenera, munthu akhoza kuiumitsa ndi kakokedwe kake. Kukoka kulikonse kumachotsa juwisi amene anali pafupi ndi waya, ndipo thonje limafuna kanthawi kuti libwezeretse. Amene amakoka motsatizanatsatizana, makamaka pamene maganizo ali pa foni kapena pa macheza, amamwa juwisi mofulumira kuposa mmene akubwerera, ndipo kukoka kwachisanu kapena kwachisanu ndi chimodzi kumapeza thonje litauma. Kupumira masekondi 15 mpaka 30 pakati pa kukoka kumakwanira pa makoyilo ambiri. Ngati thanki yayamba kumveka yotentha m'manja kapena pa milomo, ikeni pansi kufikira itazizira.

Kutalika kwa kukoka nakonso kuli ndi malire. Zipangizo zambiri zimadula magetsi zokha pakatha masekondi 10, koma malire amenewo anaikidwa pofuna kupewa ngozi, osati monga muyezo wa kakokedwe kabwino. Masekondi 3 kapena 4 ndi okwanira. Dinani batani pa nthawi imene mwayamba kukoka, osati kudina kaye n'kumadikira kuti koyilo itenthe, ndipo lisiyeni kanthawi pang'ono musanamalize kukoka kuti mpweya wotsirizawo uziziritse waya.

Mpweya ndi mbali imene anthu amaiiwala. Mphete yozungulira imene ili pansi kapena pamwamba pa thanki imatsegula ndi kutseka polowera mpweya, ndipo mpweya umenewo, kuwonjezera pa kunyamula nthunzi, ndi umene umaziziritsa koyilo. Koyilo ya mawati ambiri inapangidwira kukoka kwamphamvu kolunjika m'mapapo ndi mpweya wotsegula. Munthu amene anazolowera ndudu wamba amakonda kutseka mpweya kuti kukoka kukhale kothina, n'kumakoka mofatsa posungira nthunzi mkamwa, ndipo akachita zimenezi pa koyilo ya mawati 60 imatentha mopitirira. Ngati kakokedwe kothinako ndi kamene mumakakonda, musalimbane ndi koyilo yaikulu. Gulani ya 0.8 ohm kapena kuposerapo, imene inapangidwira zimenezo.

Pali chinthu china chimene sichikhudza chipangizo koma chimayambitsa kupserera kwambiri. Munthu amene wangosiya kumene fodya akasankha juwisi wa nikotini wochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene thupi lake linazolowera, sakhutira, ndipo chipangizo sichichoka pakamwa pake tsiku lonse. Kwa munthu wotereyu vuto si koyilo, ndipo angachite bwino kukambirana ndi wachipatala kapena wodziwa za kusiya fodya za mlingo umene ungamukwanire, kenako n'kumautsitsa pang'onopang'ono.

Juwisi woyenerana ndi koyilo

PG ndi wamadzimadzi ndipo amayenda msanga mu thonje, pamene VG ndi wolimba, woyenda mwaulesi ngati uchi, ndipo ndi amene amapereka nthunzi yambiri. Pa botolo pamalembedwa kuchuluka kwa zinthu ziwirizi, monga 50/50 kapena 70/30. Timabowo ta koyilo yaing'ono ndi tating'ono, moti juwisi wa VG 70 kapena 80 pa 100 amachedwa kudutsapo ndipo thonje limauma thanki ili yodzaza. Makoyilo oterewa amafuna 50/50 kapena pafupi ndi pamenepo. Makoyilo akuluakulu, a ma ohm ochepera 0.5, ali ndi mabowo otakasuka amene anapangidwira juwisi wolimba, ndipo mukathiramo wamadzimadzi vuto limatembenuka, thanki imayamba kudontha. Ngati mwachita zonse bwino koma kupserera kukubwerabe pa koyilo iliyonse, yang'anani manambala a pa botolo musanayang'ane china chilichonse.

Kuzizira kumalimbitsa VG koposa. Thanki imene imagwira ntchito bwino m'nyumba ikhoza kuyamba kuuma ikagona m'galimoto usiku wozizira kapena munthu akayenda nayo panja kukuzizira. Ifumbateni m'manja kapena muiike m'thumba la mkati kwa mphindi zingapo, ndipo mukoke mwachidule poyamba. Musaiike pafupi ndi moto kapena pa chotenthetsera, chifukwa batire la lithium silifuna kutentha.

Nkhani ya zotsekemera ndi imene ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ndi imene imapha makoyilo mwakachetechete. Majuwisi ambiri otsekemera kwambiri amakhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa sucralose, ndipo sucralose sasanduka nthunzi bwinobwino ngati mmene PG ndi VG amachitira. Amatsalira pa waya, n'kumapsa pang'onopang'ono, kufikira atapanga nkhoko zakuda zimene zimakuta wayayo ndi kutseka timipata ta thonje. Nkhokozo zimachita zoipa ziwiri nthawi imodzi: zokhazo zimanunkha kupserera, komanso zimatchinga juwisi kuti asafike pa waya. N'chifukwa chake munthu wina koyilo imamukhalira masabata awiri pamene mnzake, wa thanki yofanana ndendende, imamuthera m'masiku atatu. Majuwisi akuda, monga ena a fungo la khofi kapena la fodya, amakondanso kusiya zotsalira zambiri. Sindikunena kuti musiye fungo limene mumalikonda, koma dziwani mtengo wake: mukasankha wotsekemera kwambiri, tsitsani mawati pang'ono ndipo muyembekezere kusintha koyilo pafupipafupi. Juwisi wa mu thanki akayamba kuda kuposa wa m'botolo, ndiye kuti nkhoko zayamba kusungunukiramo ndipo koyilo yatsala pang'ono kutha.

Mlingo wa juwisi ndi mpweya wotsekeredwa

Musadikire kuti thanki iume. Timabowo tolowera juwisi tikangotulukira pamwamba pa mlingo wake, mbali ina ya thonje imayamba kuyamwa mpweya ngakhale pansi pakuoneka kuti patsala kanthu. Onjezerani juwisi akatsala pang'ono kufika pa timabowoto. M'mayiko a European Union ndi ku United Kingdom malamulo salola thanki yoposa mamililita 2, ndipo thanki yotereyi ikakhala ndi koyilo ya mawati ambiri imatha mofulumira modabwitsa, choncho amene ali nayo aziyang'ana galasi kawirikawiri. Kukoka mutagona chagada kumapendeketsa thanki n'kusiya mabowo ena pouma, ndipo zikatero thanki ya theka imakhala ngati yopanda kanthu.

Nthawi zina thanki imakhala yodzaza, juwisi ndi woyenera, koma thonje silikunyowa. Juwisi akamalowa mu koyilo, mpweya umayenera kulowa mu thanki kudzatenga malo ake, ndipo n'chifukwa chake mukamaliza kukoka mumaona tithovu tikukwera kuchokera pa koyilo. Tithovuto ndi chizindikiro chabwino. Mukakoka kangapo osationa, mwina kathovu kakakamira pa bowo kapena mpweya wa mu thanki wagwira juwisi kuti asatsike. Gogodani galasi pang'ono ndi chala, kapena tsegulani chivindikiro kwa sekondi imodzi kapena awiri n'kutsekanso, ndipo kawirikawiri tithovu timayamba kukwera pomwepo. Pothira juwisi siyani kampata kakang'ono pamwamba m'malo modzaza mpaka pakamwa. Matanki ena ali ndi potsekera njira ya juwisi poyenda ulendo, ndipo si zachilendo kuti munthu aiwale kupatsegula.

Kuchepetsa kutentha ndi makina

Zipangizo zina zili ndi njira yotchedwa temperature control, imene pa sikirini imalembedwa kuti TC. Mawaya ena amasintha ma ohm awo akamatentha, ndipo chipangizo chimawerenga kusinthako n'kudziwa mmene waya watenthera. Thonje likayamba kuuma, chimatsitsa mphamvu chokha, moti m'malo mwa kupserera mumangolandira nthunzi yochepa. Njirayi imagwira ntchito ndi waya wa nickel wotchedwa Ni200, wa titanium, ndi wa stainless steel monga SS316L. Sigwira ntchito ndi waya wa Kanthal, amene ma ohm ake sasintha kwenikweni ngakhale atatentha, ndipo makoyilo ambiri ogula okonzakonza ndi a Kanthal kapena nichrome, choncho werengani paketi musanayese. Mangani koyilo ili yozizira kuti chipangizo chiwerenge ma ohm oyambira molondola, musankhe mtundu wa waya woyenera, n'kuyambira cha pa madigiri 200 a Celsius, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Waya wa nickel ndi wa titanium musamugwiritse ntchito pa njira ya mawati wamba.

Kwa amene amaika okha thonje

Pa matanki amene mwiniwake amapota waya ndi kulowetsa thonje yekha, otchedwa RTA, cholakwa chofala ndi kuchulutsa thonje poopa kudontha. Thonje liyenera kudutsa mu koyilo mogwira pang'ono, losapanikizika mpaka kukoka waya komanso losakhwepa moti mbali ina ya waya n'kukhala pamtunda. Michira yake muipesule kuti ipepuke, n'kuigoneka m'njira za juwisi mosatsendera, chifukwa mukaitsendera mwatseka khomo ndi manja anu omwe. Musanaike thonje, yatsani koyilo ya Kanthal mwachidule pa mphamvu yochepa n'kuona ngati ikufiira mofanana kuyambira pakati kupita m'mbali. Pamene pakuwala kwambiri kuposa pena m'pamene thonje lidzayambire kupsa, ndipo pamakonzeka popalasa wayayo pang'ono kapena kumufinya ndi kopanira ka ceramic. Ubwino wa matanki amenewa n'ngwakuti thonje likapsa mumangolisolola n'kuika lina, wayayo n'kupitiriza ntchito.

Zikapsa kale

Choyamba lekani kukoka, muone mlingo wa juwisi ndi mawati, n'kusiya thanki itaima kwa mphindi 10. Ngati thonje linangouma, fungo limabwerera. Ngati pakatha kukoka kuwiri kapena kutatu pa mphamvu yotsika kupserera kukumvekabe, masulani koyilo muisuzumire pa kuwala: thonje lofiirira kapena lakuda pafupi ndi waya ndi umboni wakuti yatha. Pali malangizo amene amafala akuti koyilo yotere muiviike m'madzi otentha usiku wonse. Kuviika kungachotseko nkhoko za zotsekemera n'kuwonjezera tsiku limodzi kapena awiri pa koyilo imene inangoda, bola iume kotheratu musanaibwezere, koma sikungabwezeretse ulusi wa thonje umene wasanduka makala. Pa koyilo yopsa, kutero n'kutaya nthawi.

Posintha koyilo musaiwale kuti fungo loipalo limakhala litalowerera mu juwisi amene watsala mu thanki, ndipo ambiri amadabwa kuona koyilo yatsopano ikununkha ngati yakale chifukwa anaithira juwisi yemweyo. Mukhuthuleni, mumasule zigawo zonse za thanki, muzitsuke ndi madzi ofunda pamodzi ndi kamlomo kokokera, mupukute ndi tishu n'kuzisiya ziume, ndipo muonetsetse kuti timphira tozungulira tonse tabwerera m'malo mwake tosaduka.

Zimachitika ndithu kuti m'paketi mumapezeka koyilo imodzi imene thonje lake linathinitsidwa mopitirira ku fakitale, ndipo imapsa ngakhale munthu atachita zonse moyenera. Imodzi yokha isakudetseni nkhawa. Koma ngati ziwiri kapena zitatu zotsatizana zapsa msanga, yerekezerani ma ohm amene sikirini ikuonetsa ndi amene alembedwa pa koyilo. Kusiyana kwakung'ono n'kwachibadwa, koma ngati nambalayo yatalikirana kwambiri kapena ikudumphadumpha, koyilo sinamangike bwino kapena pamene thanki imakumana ndi chipangizo palowa juwisi ndi fumbi. Masulani thanki, mupukute malowo mbali zonse ziwiri ndi kathonje kouma, mumangenso mosakhwimitsa kwambiri, n'kuwerenganso nambalayo musanadine batani.